Ntchito yolondola mphekesera: zomwe akatswiri anaphunzira ku Kano



Tikafunsa ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 ntchito yomwe akufuna kudzagwira pa nkhani ya zaumoyo, mayankho sapitirira atatu: udokotala, unamwino, mwina ndi ntchito ya mu labotale. Zonsezi ndi zabwino. Koma pali ntchito ina ya zaumoyo imene mwini wake sagwira jekeseni, sapima magazi, ndipo salembera munthu mankhwala. Iye amafufuza zimene anthu amamva, zimene amakhulupirira ndi zimene amauzana zokhudza matenda. Amafuna adziwe chifukwa chimene mayi wokonda mwana wake amamubisira kuseri kwa nyumba pa tsiku la katemera, komanso chifukwa chimene bambo wophunzira bwino amakhulupirira uthenga wa mawu wa pa WhatsApp kuposa zomwe wamuuza dokotala. Ntchitoyi imaphunziridwa ku yunivesite, anthu amatengera madigiri, ndipo ena afika nayo pa uprofesa.

Mmodzi mwa anthu odziwika pa ntchitoyi ndi mayi wa ku America dzina lake Heidi Larson, yemwe ndi profesa pa London School of Hygiene and Tropical Medicine. Mayiyu si dokotala wa chipatala. Anaphunzira za chikhalidwe cha anthu, maphunziro otchedwa anthropology, ndipo digiri yake ya udokotala wa maphunziro anaitenga ku yunivesite ya California, ku Berkeley. Kenako anagwira ntchito ku bungwe la UNICEF, komwe ankatsogolera zofalitsa uthenga wa katemera wa ana pa dziko lonse. Ali pa udindo umenewu ndi pamene ku Nigeria kunachitika zinthu zimene zinasintha njira ya moyo wake, ndipo popeza nkhaniyo ikukhudza abale athu Achisilamu, ndikufuna tiione bwinobwino.

M'chaka cha 2003, dziko lonse linali pafupi kuthana ndi poliyo, nthenda imene imapha ziwalo za ana, makamaka miyendo, ndipo ilibe mankhwala ochiza. Mayiko amene anatsala ndi nthendayi anali owerengeka. Koma pakati pa chaka chimenecho, zigawo zingapo za kumpoto kwa Nigeria, kuphatikizapo Kano, Kaduna ndi Zamfara, zinaimitsa ntchito yopereka katemera. Mphekesera zimene zinkamveka zinali zoti m'madontho a katemerayo muli mankhwala oletsa kubereka, cholinga chake kuchepetsa chiwerengero cha Asilamu, ndipo ena ankati muli kachilombo koyambitsa Edzi. Amene ankatsogolera pokana sanali anthu osaphunzira. Mmodzi mwa iwo, Dr Datti Ahmed, anali dokotala weniweni komanso mtsogoleri wa bungwe lalikulu loona za Sharia m'dzikomo, ndipo bwanamkubwa wa Kano, Ibrahim Shekarau, anagwirizana ndi kuimitsako. Zigawo zina zinabwerera msanga, koma Kano inakhala pafupifupi miyezi 11 isakupereka katemera.

Kachilombo sikadikira kuti anthu amalize kukangana. Poliyo wochokera ku Nigeria anafalikira m'mayiko pafupifupi 20 amene anali atathana naye kale, kuyambira mayiko oyandikana nawo, kudutsa ku Sudan, mpaka ku Yemen ndi ku Indonesia. Ambiri mwa ana amene analumala chifukwa cha zimenezi anali ana a Asilamu, omwewo amene mphekesera zija zinkati zikuwateteza.

Munthu wopupuluma akamva nkhaniyi amangoti anthuwo anali mbuli, ankafunika kuwaphunzitsa sayansi. Akatswiri amene anapita kukakhala ndi anthuwo, kukamvetsera m'makomo ndi m'misika, monga Maryam Yahya ndi Elisha Renne, anabwerako ndi yankho lina. Choyamba, anthu a ku Kano anali ndi chikumbumtima cha zimene zinawachitikira mu 1996. Chaka chimenecho kunagwa mliri wa matenda oumitsa khosi, ndipo kampani ya Pfizer inayesa mankhwala atsopano otchedwa Trovan pa kafukufuku wokhudza ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira. Makolo ankanena kuti sanauzidwe bwino kuti ana awo ali pa kafukufuku. Kampaniyo inakana mlandu, inati anawo anafa ndi nthendayo, koma mu 2009 inagwirizana ndi boma la Kano zopereka ndalama zokwana madola 75 miliyoni. Chachiwiri, chaka cha 2003 ndi chimene America inalowa m'dziko la Iraq ndi nkhondo, ndipo Asilamu ambiri ankaona chilichonse chochokera ku mayiko a azungu ndi diso lokayikira. Chachitatu chinali funso limene amayi ankafunsa, funso lovuta kuliyankha: mwana wanga akadwala malungo kapena chikuku, ndimapita ku chipatala n'kupeza kulibe mankhwala, ndimauzidwa kuti ndikagule. Nanga bwanji katemera mmodzi yekhayu akubwera waulere, mpaka pakhomo panga, kangapo pa chaka? Kodi anthuwa ayamba liti kutikonda chonchi?

Apa ndi pamene pagona phunziro lonse la ntchito imeneyi. Zimene mphekesera zija zinkanena zinali zabodza, chifukwa katemera wa poliyo saletsa kubereka. Koma mantha amene anazibereka anali ndi mizu yeniyeni. Munthu amene wabwera ndi pepala la zotsatira za ku labotale wayankha bodza lija, koma sanayankhe za ana a 1996, ndipo sanayankhe za chipatala chopanda mankhwala. N'chifukwa chake kuyeza katemerayo mobwerezabwereza sikunathetse nkhani kokha. Kano inayambiranso kupereka katemera mu July 2004, atagwirizana kuti katemerayo achokere ku kampani ya Bio Farma ya ku Indonesia, dziko limene lili ndi Asilamu ambiri kuposa lina lililonse. Nthenda imene katemerayo ankateteza inali yomweyo, ntchito yake m'thupi inali yomweyo. Chimene chinasintha ndi dzanja lopereka. M'zaka zotsatira, mafumu a kumpotoko motsogozedwa ndi Sultan wa ku Sokoto, pamodzi ndi masheikh, analowa okha pa ntchito yolimbikitsa makolo. Njira sinali yosalala, pakuti mu February 2013 anthu 9 opereka katemera anawomberedwa ndi kuphedwa mu mzinda wa Kano. Komabe mu August 2020 Africa yonse inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wachilengedwe.

Larson ataona zimenezi anazindikira kuti mabungwe a zaumoyo ali ndi njira zolondolera kachilombo, amadziwa kumene kayambira ndi kumene kakulowera, koma analibe njira yolondolera mphekesera zisanawononge. Mu 2010 anayambitsa gulu la kafukufuku lotchedwa Vaccine Confidence Project ku London. Ntchito yawo ndi yotani tsiku ndi tsiku? Mbali ina ndi kumvetsera: amatolera zimene zikulembedwa m'manyuzipepala, zimene zikunenedwa pa wailesi ndi pa masamba a mchezo a pa intaneti m'zilankhulo zosiyanasiyana, kuti aone msanga pamene nkhawa yatsopano yatulukira. Mbali ina ndi kufunsa anthu masauzande mafunso ofanana m'mayiko ambiri: kodi katemera ndi wofunika kwa ana, kodi ndi wosaopsa, kodi amagwira ntchito, kodi akugwirizana ndi chipembedzo chanu? Mafunsowa amabwerezedwa pakapita zaka kuti aone ngati chikhulupiriro chikukwera kapena chikutsika.

Zotsatira za kafukufuku wawo wa 2016, yemwe anachitika m'mayiko 67, zinadabwitsa ambiri. Dziko limene anthu ake ankakayikira kwambiri zoti katemera ndi wosaopsa silinali la mu Africa, silinalinso la Chisilamu. Linali France, komwe anthu 41 mwa 100 alionse anali ndi chikayiko chimenecho. Ndimakonda kuwauza ophunzira nambala imeneyi chifukwa imachotsa manyazi ena amene tinazolowera, oganiza kuti mphekesera ndi nthenda ya anthu osauka ndi osaphunzira. Ku Britain, mu 1998, dokotala wina dzina lake Andrew Wakefield anasindikiza kafukufuku wa ana 12 okha m'magazini yotchuka ya zachipatala ya The Lancet, wonena ngati katemera wa chikuku akukhudzana ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism. Kafukufuku wa ana mazanamazana a masauzande sanapeze mgwirizano uliwonse. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo ndipo Wakefield analandidwa chiphaso cha udokotala. Koma mpaka lero makolo ena ku Ulaya ndi ku America akukanabe katemera chifukwa cha bodza limenelo, ndipo chikuku chabwerera m'madera momwe chinali chitatha.

Si onse ofufuza nkhanizi amene anaphunzira za chikhalidwe cha anthu ngati Larson. Ena ndi akatswiri a kompyuta ndi masamu. Mu 2018, atatu a ku Massachusetts Institute of Technology, omwe ndi Soroush Vosoughi, Deb Roy ndi Sinan Aral, anasanthula nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafala pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Anapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yochuluka pafupifupi kasanu n'kamodzi kuposa yabodza kuti ifikire anthu 1,500, ndipo amene ankafalitsa kwambiri anali anthu enieni, osati makina. Chifukwa chimodzi n'chakuti bodza limakhala lachilendo ndi lodzidzimutsa, pamene choonadi kawirikawiri n'chozizira. "Sambani m'manja" palibe amene angathamange nayo. Ena ndi akatswiri a kaganizidwe ka munthu. Iwowa anaonetsa kalekale, mu 1977, kuti mawu akamvedwa mobwerezabwereza amayamba kumveka ngati oona ngakhale palibe umboni watsopano. Tangoganizani zimene zimachitika uthenga umodzimodzi ukakufikani kuchokera ku gulu la banja, gulu la anzanu a kusukulu ndi gulu la amayi a ku madrasa m'tsiku limodzi. Mumaona ngati mboni ndi zitatu, chonsecho ndi munthu mmodzi wosadziwika amene analankhula. Ku Cambridge, Sander van der Linden ndi anzake akhala akuyesa njira yowachenjezeratu anthu za machenjera a ofalitsa mabodza bodzalo lisanawafike, monga momwe katemera amaphunzitsira thupi nthenda isanabwere.

Kodi zimenezi zimayezeka? Inde. Pa nthawi ya Covid-19, gulu la Larson linatenga anthu ku Britain ndi ku America, ena linawaonetsa mauthenga abodza amene ankazungulira pa intaneti, ena linawaonetsa mauthenga oona. Pakati pa amene anaona mabodza aja, chiwerengero cha onena motsimikiza kuti adzalandira katemera chinatsika ndi anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, koma pa dziko la anthu mamiliyoni ndi khamu lalikulu.

Ife amene tinadutsa ku madrasa sitiyenera kuona maphunzirowa ngati achilendo kwenikweni. Qur'an, mu Surah Al-Hujurat ndime 6, imatilamula kufufuza nkhani imene yabwera ndi munthu wosadalirika tisanachitepo kanthu, kuopa kupweteka anthu osalakwa. Ndipo ma ulama a Hadith, monga Imam Bukhari amene anabadwa mu 810 n'kumwalira mu 870, anakhazikitsa luso lonse lolondola mawu. Ankafufuza isnad, mndandanda wa anthu amene anapatsirana nkhaniyo: uyu anamva kwa ndani, kodi awiriwa anakumanapo, kodi uyu ankakumbukira bwino, kodi anali woona? Ankafufuzanso matn, mawu enieniwo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti iwo anafufuzanso zifukwa zimene anthu ankapekera ma Hadith. Ena ankapeka chifukwa cha ndale, ena pofuna kutchuka kapena ndalama, koma gulu limene linkawavuta kwambiri linali la anthu opembedza, ooneka abwino, amene ankapeka pofuna kulimbikitsa anzawo kuchita zabwino. Anthu ankawakhulupirira chifukwa cha khalidwe lawo. Ofufuza a lero apeza zofanana: amene amakutumizirani bodza la zaumoyo kawirikawiri si mdani, koma azakhali anu kapena mnzanu wa mu saf imodzi, amene akukufunirani zabwino. Uthenga wa pa foni wongoti "dokotala wina wa ku India wanena" ndi nkhani yopanda isnad, ndipo mwana aliyense wa Fomu 2 amene anaphunzira za Hadith akudziwa mmene nkhani yotero imaweruzidwira.

Komabe ndisakokomeze kufananaku. Katswiri wa Hadith akapeza kuti nkhani ndi yopeka, amaikana, ntchito yatha. Wofufuza za uthenga wa zaumoyo akapeza kuti nkhani ndi yabodza, ntchito yake yangoyamba kumene, chifukwa ayenera kudziwa chimene chikuwawa anthuwo kuti bodzalo liwakomere.

Kuno kwathu zitsanzo sizisowa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu angapo anaphedwa powaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Katswiri wa mbiri yakale, Luise White, anasindikiza buku mu 2000 loonetsa kuti nkhani za opopa magazi zakhala zikumveka kummawa ndi pakati pa Africa kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo zinkaloza anthu ogwira ntchito za boma, monga ozimitsa moto ndi a zachipatala, amene ankabwera ndi zida zosadziwika osafotokoza chimene akuchita. Mu May 2021, Unduna wa Zaumoyo unatentha poyera katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene anali atapitirira tsiku lake. Akuluakulu anafotokoza kuti anachita zimenezi pamaso pa anthu kuti aliyense atsimikize kuti sadzabayidwa katemera wotha ntchito. Moto umenewo unali uthenga, ndipo kudziwa ngati unakhazika anthu mitima pansi kapena unawonjezera chikayiko ndi funso lenileni la kafukufuku wa mtundu uwu.

Poliyo nayenso anatikumbutsa kuti chikayiko cha kutali chimafika pakhomo. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo wachilengedwe, koyamba m'Malawi kuyambira 1992. Atakayeza kachilomboko anapeza kuti n'kofanana ndi kamene kankazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Pakistan ndi Afghanistan ndi mayiko awiri okha kumene poliyo ameneyu sanathe, ndipo zifukwa zake ndi zambiri: nkhondo, kusamukasamuka kwa anthu, umphawi, komanso kukana katemera. Kukanaku kunakula pamene zinadziwika kuti mu 2011 akazitape a ku America, a CIA, anakonza ntchito yonamizira kupereka katemera wa matenda a chiwindi ku Abbottabad pofufuza Osama bin Laden. Amene ankanena kuti opereka katemera ndi akazitape anapeza umboni umene ankaufuna, ndipo m'zaka zotsatira antchito ambiri a zaumoyo, ochuluka mwa iwo amayi, anaphedwa ali pa ntchito. Ine ndimaona kuti wofufuza woona mtima ayenera kunena zinthu ngati zimenezi mosabisa, ngakhale zikuchititsa manyazi maboma amphamvu amene nthawi zina ndi omwewo amapereka ndalama za kafukufuku. Akabisa, asanduka wolengeza malonda, ndipo anthu amamununkhiza msanga.

Nanga wophunzira wathu amene nkhaniyi yamukoka ayambire pati? Chosangalatsa n'chakuti makomo olowera ndi ambiri. Wina angayambe ndi digiri ya zaumoyo wa anthu onse ku Kamuzu University of Health Sciences, wina ndi maphunziro a chikhalidwe kapena kaganizidwe ka anthu ku University of Malawi ku Zomba, wina ndi utolankhani ku MUBAS, wina ndi maphunziro a malaibulale ndi kasungidwe ka uthenga ku Mzuzu University, omwe amafufuza mmene anthu amasakira uthenga akafuna kudziwa kanthu. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, komwe akatswiri a chikhalidwe cha anthu amagwira ntchito limodzi ndi madokotala. Ambiri amayamba ngati othandizira kafukufuku, oyenda ndi mafunso m'midzi, kujambula mawu ndi kuwamasulira, kenako amapeza mwayi wa digiri yachiwiri ndi yachitatu. Pa MSCE musanyoze Masamu poganiza kuti ntchitoyi ndi yongocheza ndi anthu, pakuti theka lake ndi mawerengero. Bayoloje ikufunika kuti muzimvetsa chimene mukufotokoza, ndipo Chingerezi chikufunika chifukwa zotsatira zimalembedwa m'chilankhulo chimenecho.

Kwa makolo ndinene mosabisa kuti njirayi ndi yaitali. Kuchokera pa Fomu 4 kufika pa digiri yachitatu zimatenga zaka khumi kapena kuposerapo, malipiro a poyamba ndi ochepa, ndipo ntchito zambiri zimadalira thandizo la ndalama la zaka ziwiri kapena zitatu, likatha muyambenso kupempha. Ofufuza za katemera amatukwanidwa ndi kuopsezedwa pa intaneti, ndipo kumudzi ena angamuganizire mwana wanu kuti wagulidwa.

Koma pali mpata umene mwana wa sukulu ngati yathu angadzaze kuposa profesa wa ku London. Kafukufuku wambiri amene ndatchula uja anachitika pa mawu olembedwa, m'Chingerezi, pa masamba amene aliyense angathe kuwaona ndi kuwawerenga ndi kompyuta. Mphekesera za ku Mangochi, Machinga kapena Nkhotakota siziyenda choncho. Zimayenda ndi mawu ojambulidwa pa WhatsApp m'Chiyao ndi m'Chichewa, m'magulu otseka amene makina a ofufuza sangalowemo, kenako zimatsika pa foni n'kupitirira pakamwa, pa mjigo, pa maliro, m'minibasi ndi pabwalo la mzikiti ikatha swala ya Ijumaa. Kuti munthu azilondole ayenera kumva zilankhulozo ndi mikuluwiko yake, adziwe kusiyana kwa nkhawa ya mayi pa nkhani ya kubereka ndi funso la sheikh lofuna kudziwa ngati mankhwala ali halal, ndipo akhale woti agogo angamuuze zakukhosi osaopa kuti akawaneneza kwa alangizi a zaumoyo.